Mchere M'chikho, Mchere M'nyanja

Kumpingo komwe ndidakulira, munthu akalakwa nkhani yake imakhala ndi njira yodziwika. Akulu a mpingo amamuitana, amamufunsa, ndipo akapezeka wolakwa amamudula. Akafuna kubwerera amalowanso kalasi, miyezi imapitapo, kenaka tsiku lina Lamulungu amaimirira pamaso pa anthu n'kubwezedwa. Kaya mtima wake wasinthadi kapena ayi adziwa ndi mwini wake, koma tsiku lobwezedwa lilipo, ndipo aliyense amaliona. Funso limene landisautsa ine zaka zapitazi ndi ili: nanga munthu amene palibe adamudula, adzamubweza ndani?

Ndikufunsa motere chifukwa ine ndimatsata chiphunzitso cha Buddha, mphunzitsi amene adakhala kumpoto kwa India zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Anthu otere m'Malawi muno tilipo owerengeka. Ambiri akamva za Chibuda amangokumbukira malo olererako ana amasiye a Amitofo ku Mapanga, ndi ana ometa mipala ochita masewera a kung fu. Ine sindidadzere kumeneko. M'chaka cha 2011 boma lidanditumiza ku maphunziro a miyezi itatu mumzinda wa Hyderabad ku India. Pakati pa nyanja yaing'ono ya Hussain Sagar mumzindamo paima chifanizo cha Buddha chosemedwa pa mwala umodzi, chotalika mamita 18. Ndidakachiona monga achitira mlendo aliyense, ndidajambulitsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Chimene chidandikoka ndi mnzanga wina wa ku Sri Lanka amene tinkagona chipinda chimodzi. Munthuyo ankadzuka mbandakucha n'kukhala pansi chete ola lathunthu, ndipo miyezi itatu yonse sindidamumve akukalipira munthu.

Maphunziro atatha ndidatengako tchuthi n'kukalowa kosi ya masiku khumi pamalo otchedwa Dhamma Khetta, kunja kwa mzindawo, pamene amaphunzitsa njira ya Vipassana monga adaifalitsira S. N. Goenka, amene adamwalira mu 2013. Belu linkalira 4 koloko m'mawa. Masiku asanu ndi anayi sitinkalankhulana, ngakhale kukodolana. Masiku atatu oyamba ntchito inali imodzi yokha, kutsatira mpweya pamene ukulowa ndi kutuluka m'mphuno. Kuyambira tsiku lachinayi tidayamba kuyendetsa maganizo m'thupi lonse, kuona kuyabwa, kutentha ndi kuwawa mmene zimabwerera ndi mmene zimapitira, osazithamangira komanso osazithawa. Tisanayambe zonsezi tidalonjeza zinthu zisanu: kusapha chamoyo, kusatenga chimene sitidapatsidwe, kusachita chiwerewere, kusanena bodza ndi kusamwa zoledzeretsa. Aphunzitsi a kumeneko sauza munthu kuti asiye chipembedzo chake. Ndine ndekha amene nditabwerako ndidayamba kuwerenga mabuku a chiphunzitsochi mpaka ndidachitenga kukhala changa.

Zaka zisanu ndidayenda bwino. Ndinkakhala pakhushoni yanga ola limodzi m'mawa ndi ola lina madzulo. Mowa ndidausiya. Mu 2013, nkhani ya Cashgate itaphulika ndipo ogwira ntchito m'boma ena akupezeka ndi ndalama zankhaninkhani m'magalimoto ndi m'nyumba zawo, ine ndinkawerenga nyuzipepala ndi mtima wa munthu amene ali kutsidya kwa mtsinje. Ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti kugwa kwanga kudayambira pa kunyada kumeneko. Ndidadziyika m'gulu la anthu oti sangagwe, ndipo munthu wotere sayang'ana pamene akuponda.

Mu 2016 ndidakwezedwa pantchito. Udindo watsopano udabwera ndi maulendo: lero ku Mponela, mawa ku Salima, mkuja ku Mangochi. Ola la madzulo ndilo lidayamba kufa, poti munthu umafika wotopa. Ola la m'mawa lidasanduka theka, theka lidasanduka mphindi khumi, kenaka khushoni idakwera pamwamba pa wadilopu. Kumisonkhano anzanga ankakhala pabala madzulo, ndipo nkhani zenizeni za ntchito zinkakambidwa pomwepo. Ndidayamba ndi kukhala nawo ndikumwa zoziziritsa kukhosi. Tsiku lina ndidati botolo limodzi silipha munthu. Lidalidi losapha, koma lidaitana anzake.

Chachiwiri chidabwera mwaulemu kwambiri, pa pepala. Amene adagwirako ntchito m'boma akudziwa mndandanda umene umazungulira pamsonkhano kuti aliyense asainire alawansi yake. Tsiku lina udandipeza uli ndi masiku asanu pamene msonkhano udatenga masiku atatu. Onse adali atasainira. Ndidadziuza kuti malipiro ndi ochepa, kuti fizi ya ana yakwera, kuti kukana n'kudzionetsa woyera pakati pa anzako. Koposa zonse ndidadziuza kuti ine sindine wa Cashgate. Wakuba wamkulu ndi mthunzi wabwino wobisalamo wakuba wamng'ono. Pofika 2022 ndinkatha kusainira msonkhano umene sindidaupondeko n'komwe, dzanja osanjenjemera.

M'mwezi wa Marichi 2023 ndidapita ku Salima Lolemba, ndidasainira masiku asanu, Lachiwiri n'kubwerera ku Lilongwe. Kunyumba sindidafike. Ndidakakhala kwa mnzanga wina, ndipo alawansi ija tidaimwa pa Bwandilo. Lachisanu ndidadzera pamsika n'kugula chambo kuti kunyumba aone ngati ndachokera kunyanja. Tili pachakudya, mwana wanga wamkazi, amene pa nthawiyo adali ndi zaka 13, adati: "Adadi, Lachitatu ndidaona galimoto yanu pa Bwandilo tili m'minibasi pochokera kusukulu." Sadafunse funso. Adangonena n'kupitiriza kuchotsa minga. Mayi ake sadatukule mutu. Ine nsima idandikanika kumeza. Sabata imodzi yokha ndidali nditaphwanya malonjezo atatu mwa asanu aja, ndipo lachinayilo, la bodza, ndidaliphwanyira pa mbale ya mwana wanga.

Wina angaganize kuti m'mawa mwake ndidatsitsa khushoni ija. Ayi. Padapita miyezi isanu, ndipo miyezi imeneyo ndi imene ndidamwa kwambiri kuposa kale lonse. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga, chifukwa chimene chidandiletsa kubwerera sichidali kukoma kwa mowa. Chidali chisoni. Ndinkagona ndi maganizo akuti: iwe wawerenga mabuku onsewa, wakhala chete masiku khumi, nanga wasiyana pati ndi amene sadamvepo kanthu? Ukakhalanso pakhushoni paja udzakhala ukunamiza yani? Ndipo ndikadziweruza motero mtima unkalemera, ukalemera ndinkafuna choupepukitsa, ndipo choupepukitsacho chidali pa Bwandilo.

Mkhristu pa nthawi yotere ali ndi kolowera. Amagwada, amapepesa, amakhulupirira kuti wakhululukidwa. Mkazi wanga, amene ndi wa Mvano, ali ndi chitonthozo chimenecho, ndipo sindimunyoza nacho. Koma m'chiphunzitso chimene ine ndidasankha mulibe wofafaniza mlandu. Buddha sadadzitche mpulumutsi. Adaphunzitsa kuti chimene munthu wachita mwadala, chotchedwa kamma m'chilankhulo cha Pali, chimabala zipatso zake monga mbewu ibalira. Palibenso bwalo lodula munthu wamba wophwanya malonjezo asanu aja. Palibe adandiitana, palibe adandidula, kotero padalibe khomo loti ndigogode. Akulu akale adati madzi akatayika saoleka, ndipo ine mwambiwu ndidaumva ngati chigamulo.

Tsiku lina Loweruka m'mwezi wa Ogasiti mkazi wanga ankakonza m'chipinda. Adatulukira pakhonde atanyamula khushoni ija, fumbi lili mbuu, nati: "Abambo, ichi ndimupatse mlonda azikhalira usiku, kapena mukuchifunabe?" Ndisanayankhe adaonjeza kuti: "Zanuzi ine sindizimvetsa. Koma nthawi imene munkakhalira ichi, m'nyumba muno mudali mtendere." Adaisiya pamapazi anga n'kubwerera m'nyumba.

Usiku womwewo ndidakhala pansi. Sindidafike mphindi khumi. Mawondo amene kale ankapirira ola adayamba kuwawa nthawi yomweyo. Ndikati nditsatire mpweya, usanatuluke kachiwiri maganizo ali kale pa mndandanda wa ku Salima. Ndidawabweza. Adathawira pa nkhope ya mwana wanga. Ndidawabwezanso. Ndili m'kati mochita zimenezi ndidakumbukira zimene zinkachitika ku Dhamma Khetta. Kumeneko tonse maganizo ankatithawa kambirimbiri pa ola limodzi, ndipo malangizo adali amodzimodzi: ukazindikira kuti wasochera usadzikalipire, ingoyambiranso. Pa nthawiyo ndinkayesa kuti kuyambiranso ndi chilango cha wolephera, kuti wodziwa ndi amene sasochera. Usiku umenewo ndidaona kuti ndidamva chammbali. Mphindi imene munthu wazindikira kuti maganizo achoka pa mpweya, ndiye kuti wabwerera kale, pakuti wosochera weniweni sadziwa kuti wasochera. Ntchito yonse ya njira imeneyi ndi kubwerera. Kusochera kwa mphindi ziwiri ndi kusochera kwa zaka zisanu ndi ziwiri kumasiyana kutalika ndi kuononga kwake, koma njira yobwererera ndi yomweyo.

Pambuyo pake ndidabwerera ku mabuku ndipo ndidapeza kuti matenda anga adali ndi dzina. Chiphunzitsochi chimasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ife timangoti manyazi. Pali hiri ndi ottappa, ndiko kunyansidwa ndi choipa chifukwa chodzilemekeza, ndi kuopa zotsatira zake. Ziwirizi zimatchedwa alonda a dziko, poti zimagwira munthu dzanja asanachite choipa. Palinso kukkucca, kumangodziguguda pa zimene zidachitika kale. Chimenechi sichiwerengedwa ngati ukoma. Chili m'gulu la zopinga zisanu zimene zimatsekereza maganizo, limodzi ndi chilakolako, chidani, ulesi ndi kukayika. Miyezi isanu ija ndinkayesa kuti kudziguguda kwanga ndi umboni wakuti ndidakali munthu wabwino. Chonsecho kudali kunyada komweko kutavala chiguduli. Sindinkalira chifukwa cha mwana amene ndidamunamiza. Ndinkalira chifukwa chithunzi changa cha munthu wosagwa chidali chitasweka. Mbewa yamanyazi idafera kuuna, ndipo ine ndidatsala pang'ono kufera komweko.

Ngakhale dzina la malonjezo asanu aja lidandiphunzitsa kanthu. M'Chipali amatchedwa sikkhapada, kutanthauza mfundo zophunzirira. Salamulidwa ndi wina. Munthu amawatenga yekha ngati wophunzira, ndipo m'maiko monga Sri Lanka, Thailand ndi Myanmar anthu wamba amawatenganso mobwerezabwereza, makamaka pa masiku a uposatha amene amatsata kaonekedwe ka mwezi. Akadakhala lumbiro loti likasweka latha, sakadamawabwereza.

Koma apa owerenga wanzeru andiimitsa, ndipo ali ndi chifukwa. Adzati: kodi si kupepukitsa tchimo kumeneku? Munthu wadya ndalama za boma zaka zingapo, ndalama zimene zikadagula mankhwala kuchipatala, kenaka akhala pakhushoni, atseka maso, n'kunena kuti wayambiranso? Ngati kubwerera n'kosavuta motere, bwanji osamagwa Lachisanu lililonse n'kumabwerera Lolemba? Funso limeneli lidandivuta kuposa loyamba lija, ndipo nkhani ziwiri za m'mabuku akale ndizo zidandithandiza.

Yoyamba ndi ya Angulimala, chigawenga cha m'dziko la Kosala m'masiku a mfumu Pasenadi. Dzina lakelo limatanthauza mkanda wa zala, chifukwa ankadula zala za anthu amene wawapha n'kuzivala m'khosi. Atakumana ndi Buddha adataya zida zake n'kukhala mmonke, ndipo adasinthikadi. Koma tsiku lina akupempha chakudya mumzinda wa Savatthi adagendedwa ndi zibuma, ndodo ndi mapale, mpaka adabwerera mutu ukuchucha magazi, mbale itasweka, chovala chitang'ambika. Buddha sadamuuze kuti walakwiridwa. Adamuuza kuti apirire, poti zimenezo zidali zipatso za ntchito zake. Nkhaniyi imanena zinthu ziwiri pamodzi, ndipo munthu sangatengepo chimodzi n'kusiya chinzake. Palibe amene wapita kutali koti sangabwerere. Komanso kubwerera sikuletsa miyala.

Yachiwiri ndi fanizo la mchere, lopezeka m'buku la Anguttara Nikaya. Mukaponya nthongo ya mchere m'chikho cha madzi, madziwo samweka. Mukaponya nthongo yomweyo mumtsinje wa Ganges, madzi ake amamwekabe. Chimodzimodzi choipa chomwecho chimamiza munthu wa mtima wopanikizika, koma sichimiza munthu amene wakuza khalidwe, maganizo ndi nzeru zake. Chimene chidandigwira mtima n'chakuti m'fanizoli mchere suchotsedwa. Palibe auvuula. Umakhala momwemo mpaka kalekale. Chimene munthu angathe ndi kuchulukitsa madzi.

Fanizoli lingathe kupotozedwa, ndipo ndawaona olipotoza ngakhale sadalimvepo. Munthu amaba masana, Lamulungu n'kukapereka malata a tchalitchi, n'kumati madzi achuluka. Kumeneko n'kugula mbiri ndi ndalama za eni. Madzi a m'fanizoli sagulidwa. Ndi mtima umene ukusinthika, ndipo chizindikiro chake choyamba n'chakuti munthuyo waleka kuthiramo mchere wina. Wogwa Lachisanu ali ndi cholinga chodzabwerera Lolemba sadasochere ayi, akudziwa bwino kumene ali. Iye akuthira mchere ndi dzanja lamanja uku lamanzere likutunga madzi ndi supuni.

Motero ndidazindikira kuti khushoni payokha siikwanira. Lolemba lotsatira ndidapita kwa a ku akaunti kukabweza alawansi ya masiku anayi a ku Salima aja. Kalaliki adandiyang'ana nthawi yaitali, nati: "Bwana, mwatumidwa?" Ankayesa kuti ndi msampha. Lisiti adandilembera, ndipo ndidakali nayo. Za zaka zam'mbuyo sindikudziwa n'komwe kuchuluka kwake, poti wakuba salemba kaundula. Ndidawerengera mongoyerekeza, ndipo mwezi uliwonse ndimapatula kangachepe n'kugulira zofunika pachipatala chaching'ono cha kumudzi kwathu, popanda kutchula dzina langa. Sindikunena kuti ngongole ikutha motero. Mankhwala amene adasowa mu 2019 sangachize munthu lero. Mchere umenewo uli momwemo.

Miyala nayo idabwera, ngakhale yaing'ono poyerekeza ndi ya Angulimala. Nditakana kusainira masiku oonjezera pamsonkhano wotsatira, dzina langa lidayamba kusowa pa mindandanda ya maulendo. Ndikalowa mu ofesi nkhani zimaduka. Ena amanditcha abusa, ena a Buddha. Mmodzi adandiuza maso ndi maso kuti: "Achimwene, mwadya nafe zaka zonsezi, lero mwakhuta ndiye mukuti nsima ndi yoipa?" Ndidasowa choyankha, chifukwa theka la mawu akewo lidali loona. Ndalama za pakhomo zidachepa, ndipo mwana wathu wamng'ono tidamusamutsira ku sukulu yotsika mtengo. Iye sadasainire pepala lililonse, koma walipira nawo.

Ndinganame nditati kuchokera tsiku limenelo sindidaterereke. Pa Khirisimasi ya 2023 ndidamwa mabotolo atatu paukwati wa mphwanga. Kusiyana kwake n'kwakuti m'mawa mwake 5 koloko ndidali pakhushoni, mutu ukuwawa, osadikira miyezi isanu kuti ndidzimve woyenera. Ndidauzanso mkazi wanga ndisanafunsidwe. Masiku ano ndimakhala theka la ola m'mawa ndi theka madzulo. Ola lathunthu ndidaona kuti ndikalikakamiza ndidzalithawanso. Mwezi ukakhala wathunthu ndimakhala pakhonde n'kutenganso malonjezo asanu aja, limodzi limodzi, ndekha.

Tsono funso lija, lakuti munthu amene palibe adamudula adzamubweza ndani, yankho limene ndapeza ndi lakuti palibe, ndipo tsiku lobwezedwa kulibe. Poyamba zimenezi zinkandiopsa. Lero ndimaona kuti muli chifundo chake. Ngati palibe wotsegula khomo, ndiye kuti palibenso wolitseka. Munthu safunika kuyera kaye kuti abwerere, monga wodwala sadikira kuchira kuti apite kuchipatala. Koma popeza palibe wonena kuti mlandu watha, kubwerera sikutha. Kumachitika m'mawa uliwonse, ndiponso nthawi iliyonse pamene pepala lafika patebulo ndi cholembera pambali pake.

Mwezi wathawu ndidatumidwa ku Mzuzu, ulendo woyamba patapita nthawi yaitali. Usiku wachiwiri foni idalira. Adali mwana wanga wamkazi uja. Tidacheza za mayeso ake, kenaka adakhala chete pang'ono, nati: "Adadi, muli ku Mzuzu zoona?" Mtima udandipweteka, ndipo mawu okalipa adafika pakamwa, akuti kodi zaka zonsezi sukuona kuti ndidasintha. Ndidapuma kamodzi, ndidapumanso, mawuwo adabwerera okha. Amene adathira mchere m'chikho cha mwanayu ndine, ndipo si ine woti ndimuuze kuti madzi ayamba kumweka. Ndidamuyankha kuti: "Ndili ku Mzuzu, mwanawe. Kukuzizira kwambiri. Ukafuna uimbenso mawa."

Mawa lake adaimbanso, ndipo adafunsanso.